Nambala Yachiwiri

Mipando ya m'kalasi ya ana aang'ono sinapangidwire munthu wa miyendo yaitali ngati Hafu. Anakhala mawondo ali pachifuwa, atavala malaya oyera omwe anagula chaka cholowa koleji, akuyesetsa kuoneka ngati kholo. Dzina loti Hafu anam'patsa ndi anzake a kuntchito atamva kuti digiri yake anaisiyira pakati. Iye sanalikane. Linali dzina loona.

Unali msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, koma aphunzitsi ndi amene anachuluka. Atcheya a komiti, bambo wa mimba yaikulu amene anali ndi shopu ya matayala kumsewu, anayang'ana mipando yopanda anthu n'kupukusa mutu.

"Timalemba makalata, timapatsa ana kuti akapereke kunyumba. Amathera kuti makalatawo? Amapangira ndege! Ena amakulungira chingamu. Kholo lidzaonekera pano tsiku lomwe mwana walephera mayeso, litavula kale jekete kuti limenye mphunzitsi." Anthu ochepawo anaseka. Kenako maso a atcheya anagwera pa Hafu. "Ena ndiye atumiza ana kuti adzawamverere. Kandimverere anakanena za m'maluwa, mphwanga. Amayi ako atanganidwa ndi chiyani?"

Madamu a kalasi ya mlongo wake anayesa kuwakodola atcheya, koma mawu anali atatuluka kale.

"Amayi anamwalira," anatero Hafu. "Kholo ndine."

Atcheya anakanda m'mutu, n'kutsokomola chifuwa chomwe analibe.

"Pepa, mphwanga. Pepani, bambo."

Amayi ake anamwalira m'nyengo yozizira, atangodwala pang'ono, ngati munthu amene watuluka kukagula mchere. Anasiya Hafu ndi mlongo wake wamng'ono amene iwo ankamutchula kuti Njuchi, chifukwa ankang'ung'udza nyimbo tsiku lonse, ngakhale pakamwa pali chakudya. Bambo awo anali nkhani chabe, nkhani yomwe m'nyumbamo inasiya kalekale kukambidwa. Maliro atatha, Amayi Aakulu, mkulu wawo wa malemuwo amene ankakhala m'tauni ina ulendo wa theka la tsiku pa basi, anayamba kulongedza zovala za Njuchi osafunsa munthu. Hafu anaima pakhomo.

"Mwana sangalere mwana mnzake," anatero Amayi Aakulu.

"Amayi anandisiyira ine."

"Anakuuza liti? Analankhula kodi tsiku lomaliza lija?"

Malemuwo sanalankhuledi tsiku limenelo, koma Hafu sanasunthe pakhomopo. Potsiriza Amayi Aakulu anatulutsa zovala m'chikwama chimodzichimodzi, maso ali ofiira.

"Chabwino, tione. Koma tsiku lomwe ndidzangomva kuti mwanayu akuvutika, sindidzakufunsanso. Ndidzangobwera."

Sabata yotsatira Hafu anakatenga bulangete lake ku koleji, n'kuyamba kufunafuna ntchito.

Tsono atcheya atati "pepani bambo," Hafu anamva maso onse ali pa iye, maso aja achisoni omwe anatopa nawo kuyambira tsiku la maliro. Anafuna kuti amuyang'ane mwa mtundu wina. Ahedi atafunsa ngati alipo wa maganizo a momwe sukulu ndi makolo angamamvanirane, anadzipeza ataimirira, mpando utamukakamira kumbuyo mpaka anachita kuukankha.

Analankhula bwino. Zimenezo ndiye ankazitha. Anati kalata yodutsa m'manja mwa mwana ndi kalata yotayika, choncho mphunzitsi aziimbira kholo lenilenilo. Anati asamadikire kuti nkhani ikule. Tinthu ting'onoting'ono, mwana akagona m'kalasi, akabwera ndi njala, akalira popanda chifukwa, kholo lizimva tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Ndipo poti foni imatha moto kapena kuiwalika, mwana aliyense akhale ndi manambala awiri. Yoyamba ikapanda kuyankhidwa, aziimba yachiwiri.

"Nkhani ya mwana isamagone pasukulu," anamaliza motero.

Anthu anawomba m'manja. Atcheya anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Mwamva? Mutu uwu! Ife tatha zaka tikulira ndi makalata. Koma nambala yachiwiriyo ikhale ya wachibale weniweni, abambo inu, osati ya ujeni wa kuseri kwa msika."

Anthu anafa nacho chiseko. Madamu a Njuchi anabwera ndi foni yawo m'manja, akumwetulira.

"Tiyambe ndi mwini nzeru. Yoyamba ndi yanu. Yachiwiri?"

Apa m'pamene Hafu anazindikira chomwe wachita. Anaganiza za mayi wa nyumba yoyandikana nawo, koma foni ya m'nyumba imeneyo inkayenda ndi mwamuna wake pa lole. Anaganiza za anzake a ku koleji, amene anasiya kumuimbira mwezi wachiwiri maliro atachitika. Madamu ankadikira, chala chili pa foni, ndipo makolo ena anali atandanda kale kumbuyo kwake. Wachibale amene anatsala anali mmodzi yekha. Anatchula nambala ya Amayi Aakulu pang'onopang'ono, ngati akumeza mankhwala owawa.

Hafu ankagwira ntchito kochapira nsalu za m'mahotela. Chinali chinyumba chachitali chopanda mawindo okwanira, chodzaza nthunzi ndi fungo la sopo. Iye ndi mnzake ankaima mbali ziwiri za makina ositira, chigudumu chachikulu chotentha, aliyense atagwira ngodya ya nsalu ya pabedi, n'kumailowetsa mowongoka kuti itulukire uko ili see. Nsalu ikatha, ina. Ikatha, ina. Pakhomo panali bokosi lachitsulo, ndipo aliyense polowa ankaponyamo foni yake. Kiyi ankakhala m'thumba mwa akapitawo mpaka nthawi yoweruka.

Tsiku loyamba lomwe anapeza kuti madamu anamuimbira, sanadikire kufika kunyumba. Anawaimbira ali pageti pomwepo.

"Musadandaule, bambo, sinali nkhani yaikulu. Analibe pensulo. Simunayankhe, ndiye ndinawauza amayi a nambala yachiwiri aja."

Lamulungu Amayi Aakulu anaimba. Anafunsa za mvula, za mwendo wa mwini nyumba, ndipo pomaliza, ngati zongokumbukira, anati, "Ndamva kuti pensulo ikuvuta kumeneko."

"Anangoiiwala, mayi."

"Eya. Ana amaiwala."

Pambuyo pa pensulo panabwera tulo. Njuchi anagona pa desiki mpaka dovu linanyowetsa buku. Kenako kuchedwa, chifukwa Hafu ankachoka m'nyumba kusanache bwino ndipo mwanayo ankadzitsekera yekha chitseko. Kenako tsitsi. Hafu anali atayesa kuliluka poonera momwe amachitira azimayi a pamsika, koma zala zake zozolowera nsalu zinkangopanga tizingwe tokhota tomwe tinkamasuka masana asanakwane. Chilichonse chinkayamba chalira m'bokosi lachitsulo lija, m'kati mwa mafoni a anthu ena, kenako n'kukwera basi kupita kwa Amayi Aakulu.

Anapita kwa akapitawo.

"Bwana, ndimapempha ndizikhala ndi foni m'thumba. Sindiziyankha ndili pamakina. Ndizingomva kuti yalira."

Akapitawo anakweza dzanja lawo lamanja. Linali ndi zala zitatu.

"Ukuliona ili, Hafu? Inenso sindinkafuna kuyankha. Ndinangoti ndione kuti ndi ndani. Anali mkazi wanga, amafuna kundiuza kuti makala atha. Zala ziwiri, chifukwa cha makala! Iwe uli ndi hafu ya digiri, ukufunanso hafu ya dzanja?"

"Ndi za mwana, bwana. Kusukulu."

"Tonse muno tili ndi ana. Uyo ali nawo asanu, awiri sakuwadziwa n'komwe. Ndikalola iwe, mawa bokosi ili ndiziikamo nsapato zanga." Anamugwira paphewa ndi zala zitatu zija. "Pepa, mphwanga. Bwerera, nsalu zikuunjikana."

Koma panali chinthu china chomwe madamu sankachidziwa, ndipo Hafu ankachisunga ngati dzira. Kuyambira sabata ya maliro, Njuchi anayamba kukodza pogona. Tsiku loyamba Hafu anamupeza m'mawa ataima pakona, akunjenjemera, atakulunga bulangete n'kulibisa kuseri kwa chitseko.

"Achimwene, musawauze Amayi Aakulu."

"Ndiwauze chiyani? Denga ladontha basi."

"Kulibe mvula."

"Denga lathuli ndi lopusa. Limadontha ngakhale kulibe mvula."

Mwanayo anaseka misozi ili m'masaya, ndipo kuyambira pamenepo dzina lake linakhala lomwelo. M'mawa Njuchi ankangoti, "Achimwene, denga," Hafu n'kudzuka kukatunga madzi. Ankachapa bulangete m'beseni lomwe amayi awo ankasambiramo, n'kuliyanika kuseri kwa nyumba komwe anthu sadutsa, kenako n'kuthamangira kukayeretsa nsalu za anthu osawadziwa. M'chilimwe zinkatheka. Koma dzinja litafika, denga lenileni linayambanso kudontha, ndipo kunja kunalibe poyanika. Bulangete linkagona pachingwe m'chipinda momwemo, pambali pa yunifolomu, ndipo matiresi sankauma. Hafu anayesa kuwatembenuza, anayesa kuwawaza sopo waufa amene ankatola pansi kuntchito. Mphuno yake inazolowera mpaka anayamba kukhulupirira kuti fungo latha.

Lachinayi lina linali tsiku lake lopuma. Anavala malaya oyera aja n'kupita kusukulu kuti akawapemphe madamu achotse nambala yachiwiri. Panjira anakonza mawu ake bwinobwino.

Atangolowa pageti, mayi wina wonyamula mwana kumbuyo anamuthamangira n'kumugwira manja onse awiri.

"Ndinu aja a manambala! Achimwene, Mulungu akudalitseni. Wanga uja anakomoka m'kalasi, ine foni ili kotchaja. Anaimbira mchemwali wanga, anathamanga naye kuchipatala. Adokotala akuti tikanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina." Anatembenukira azimayi anzake omwe anali pamthunzi. "Ndi awa! Aang'ono chonchi, koma nzeru!"

Hafu anamwetulira ndi mano okha. Mawu omwe anakonza aja anayamba kusungunuka.

Hafu anawapeza madamu m'kalasi nthawi yopuma, akudya nthochi uku akuchonga mabuku. Ana anali panja, phokoso lawo likulowera pawindo.

"Bambo a Njuchi! Khalani. Mwamva kuti msonkhano wathawu anthu anachita kuimirira? Ahedi akuti masukulu ena akufunsa kuti tachita bwanji."

"Madamu, ndabwera ndi pempho. Nambala yachiwiri ija muichotse."

Madamu anasiya kutafuna.

"Tiikepo ya ndani?"

"Pasakhale ina. Muziimbira ine ndekha. Ndikapanda kuyankha, mudikire madzulo."

"Ndimayamba ndi inu nthawi zonse, bambo. Sindinalumphepo."

"Ndikudziwa."

"Nanga mwana akamalira m'mawa, ine ndimuuze kuti adikire madzulo? Ndipo lamuloli si langa, ndi la komiti. Ndikachotsa yanu, mawa abwera ena amene akubisa zawo, amene amamenya ana. Munanena nokha kuti nkhani ya mwana isamagone pasukulu."

"Ndinanena ine, inde."

Madamu anapinda khungu la nthochi, n'kuliika pakona pa tebulo. Anali mayi wachikulire pang'ono, wa maso otopa koma ofatsa, ndipo Hafu anaona kuti akusankha mawu.

"Ndikuuzeni zoona, mwana wanga? Ngakhale pakanapanda lamulo, ndikanafunafuna munthu womuimbira. Tabwerani muone."

Anamutengera pawindo. Ana ankasewera mpira wa manja, ena akulumpha chingwe. Njuchi anali yekha patsinde pa thanki ya madzi, akukumba pansi ndi kamtengo. Kamtsikana kena kanadutsa pafupi naye, kanatsina mphuno, anzake n'kuseka.

"Palibe amene akufuna kukhala naye desiki imodzi. Ndawakalipira, ndawapatsa chibalo, koma ana ndi ana. Akumutchula dzina lomwe sindingalibwereze. Yunifolomu ija, bambo..."

Hafu anagwira chitsulo cha windo. Iye amene ankabwera kunyumba akununkhira sopo wa mahotela.

"Sanandiuze," anatero.

"Sangakuuzeni. Amakukondani kwambiri."

"Madamu, ndagwira mwendo wanu. Zina zonse muziwauza Amayi Aakulu, pensulo, tsitsi, zonse. Koma ichi chokha musawauze. Ndigula pulasitiki, ndipeza matiresi ena. Mundipatse mwezi umodzi."

Madamu anayang'ana pansi.

"Ndinakuimbirani dzulo kawiri. Ana atamuimba nyimbo, analira mpaka kusanza."

"Ndinaona madzulo. Ndinati ndibwere ndekha lero."

"Ndinawauza dzulo lomwelo."

Belu linalira. Ana anayamba kuthamangira m'kalasi, ndipo Hafu anatulukira khomo lakumbuyo kuti Njuchi asamuone nkhope.

Tsiku lotsatira anapita kuntchito chifukwa panalibe china choti achite. Analowetsa nsalu m'makina tsiku lonse, ina ikatha ina, mnzake akumukalipira kuti akukhotetsa ngodya. Poweruka foni yake inalibe uthenga uliwonse. Zimenezo zinamuopsa kuposa kulira kwake.

Anaona matiresi asanaone nyumba. Anali atatsamiritsidwa pakhoma la kutsogolo, poyera, pomwe aliyense wopita kumpopi ankadutsa, banga lake lalikulu lachikasu likuyang'ana kumsewu. Mvula inali itakata masana amenewo, ndipo kadzuwa kamadzulo kankawawomba. Chitseko chinali chotsegula, mawindo onse otsegula. Pansi panali ponyowa, pokolopedwa mpaka m'makona.

Amayi Aakulu anakhala pampando wa malemu, nsapato atavula. Njuchi anali pansi pakati pa mawondo awo, mutu utatsamira pantchafu yawo, theka la tsitsi litalukidwa mizere yowongoka ngati ya m'buku. Anali m'tulo, pakamwa pali yasa. Zala za Amayi Aakulu zinkapitiriza kuluka pang'onopang'ono kuti asamudzutse.

"Mwafika, mayi."

"Ndafika. Usakweze mawu."

"Matiresi aja mukanayanika kuseri."

"Kuseri kulibe dzuwa. Manyazi saumitsa matiresi, mwana wanga."

Hafu anakhala pa ndowa yovundikira pafupi ndi chitseko.

"Ndikonza, mayi. Ndagwirizana kale ndi munthu wa matiresi."

"Zayamba liti?"

Hafu anayang'ana zala zake.

"Ndikufunsa iwe. Zayamba liti?"

"Sabata ya maliro."

Zala zija zinaima. Amayi Aakulu anatseka maso kwa kanthawi, ndipo atawatsegula sanali aukali monga momwe Hafu ankayembekezera. Ukali akanautha. Anali atakonzeka kukangana.

"Miyezi yonseyi ukuchapa wekha m'bandakucha, ine ndikuimba Lamulungu lililonse, iwe n'kumati zonse zili bwino. Ukuganiza kuti ndine mdani wako? Amene anagona m'manda uja ndi mng'ono wanga. Ndinamubereka kumbuyo ine, asanakhale mayi ako."

"Munati mukadzamva, mudzamutenga."

"Ndinatero."

"Ndiye ndikanakuuzani bwanji?"

"Ndiye wasankha kuti mwana azinunkha pakati pa anzake, bola akhale wako."

Mawuwo anamulasa pomwe panali bala kale. Anaimirira, ndowa n'kugubuduka.

"Ndinasiya sukulu ine! Ndimaima pamoto tsiku lonse! Sanagonepo ndi njala, mufunseni. Nambala yanuyo ndinapereka ndine, ndi pakamwa pangapa. Ndikanatha kutchula ya munthu wakufa!"

"Ukanatero. Fungo likanachoka?"

Njuchi anatakataka n'kutsegula maso. Anayang'ana mchimwene wake, kenako Amayi Aakulu, kenako kunja komwe kunali matiresi, ndipo nkhope yake inagwa.

"Achimwene, sindinawauze ine."

"Ndikudziwa, Njuchi. Si iwe."

"Ndinati sindidzakufunsanso," anatero Amayi Aakulu, "ndipo sindikukufunsa. Koma mwiniwake ali pano, ali ndi pakamwa. Iwe mwana, tamvera. Kwathu kuli azichemwali ako awiri, kuli sukulu pafupi, palibe amene akukudziwa kumeneko. Ukufuna kupita ndi ine, kapena ukhala ndi achimwene ako? Palibe amene akumenye."

Njuchi anayang'ana pansi ponyowa paja. Anakoka ulusi wa m'mphepete mwa diresi lake n'kuuzunguliza pachala.

"Ndikhala ndi achimwene," anatero ndi mawu aang'ono.

Hafu anatsegula pakamwa kuti anene kuti mwamva nokha, mayi. Kenako anaona dzanja lina la mwanayo. Linali litagwira siketi ya Amayi Aakulu pafupi ndi bondo, litaifinya mwamphamvu mpaka timafupa ta zala tikuonekera. Pakamwa panali patanena zomwe mchimwene wake ankafuna kumva. Dzanjalo silinafunsidwe, ndipo silinkadziwa kunama.

Amayi Aakulu nawonso analimva dzanjalo. Anangoyang'ana Hafu n'kudikira.

Hafu anatola ndowa ija n'kuiimika bwinobwino. Anagwada kuti maso ake afanane ndi a mlongo wake.

"Iwe, ukufuna kundipha ndi ntchito eti? Ukudziwa kuti anthu akundiseka chifukwa cha tsitsi lako? Akuti mutu wa mlongo wako waluka ndi nkhuku."

Njuchi anamwetulira pang'ono, osadzutsa mutu.

"Upite ndi Amayi Aakulu. Ukaphunzire kuluka, udzandiphunzitse."

"Inu mutsala ndi ndani?"

"Ine? Nditsala ndi bedi lonse. Ndizigona chopingasa ngati bwana."

"Simukwiya?"

"Ndikwiyire chiyani? Ndakutuma ndine."

Apo m'pamene mwanayo analira, kulira kwenikweni kwa mwana, kosabisa, nkhope ataikwirira m'siketi muja. Hafu anatuluka kukalowetsa matiresi dzuwa lisanathe. Anali asanaume.

M'mawa mwake anawaperekeza kudepoti. Katundu wa Njuchi yense anakwana m'chikwama chimodzi ndi jumbo ya mabuku. Basi inali ya mtundu uja wosanyamuka mpaka itadzaza, ndipo anaipeza ili ndi anthu ochepa. Amayi Aakulu anamukhazika Njuchi pawindo. Hafu anaima panja, m'matope, dzanja lili pagalasi lotsegula theka.

"Pita kuntchito, uchedwa," anatero Amayi Aakulu.

"Ndidikira inyamuke."

"Akakudula tsiku."

"Adule."

Kondakitala ankazungulira basi akukuwa, akumenya chitsulo ndi chikhatho, akulanda zikwama za anthu asanavomere n'komwe kukwera. Hafu sanadanepo ndi anthu osawadziwa ngati m'mawa umenewo. Mayi wa dengu la tomato atakwera, anamuda. Anyamata awiri a sipika yaikulu atakwera, anawada. Bambo wina atafunsa mtengo n'kutembenuka kupita ku basi ina, Hafu anatsala pang'ono kumuthokoza.

"Achimwene, mudzabwera?"

"Ndidzabwera."

"Liti?"

"Ndikapuma."

"Mumapuma tsiku limodzi. Amayi Aakulu akuti ndi kutali."

"Ndidzathamanga."

"Mukunama."

"Ee, ndikunama. Ndidzakwera basi ngati munthu."

Anamugulira masiwiti kwa mayi wina wodutsa ndi beseni pamutu, n'kumuponyera pamiyendo. Anafuna kumuuza zinthu zambiri, kuti asamamwe madzi ambiri madzulo, kuti akaopa usiku azidzutsa munthu, kuti asaiwale nkhope ya amayi. Koma zonsezo tsopano zinali ndi mwini wake, amene anakhala pambali pake akumukonza kolala.

Basi inadzaza pang'onopang'ono, kenako mofulumira. Dalaivala anakwera n'kuliza injini. Kondakitala anasuzumira m'kati, n'kutulutsa mutu.

"Mmodzi! Watsala mmodzi tizipita!" Anamuona Hafu. "Biggie, mwaima nthawi yaitali apa. Tiyeni, mpando ulipo, pafupi ndi akwanu omwe!"

Njuchi anadzutsa mutu msangamsanga n'kumuyang'ana. Amayi Aakulu anayang'ana kutsogolo. Hafu anauona mpandowo kudzera pakhomo, kampando kopinda ka pakati, kong'ambika pakona. Kumeneko kunalibe ntchito yomudikira, kunalibe pogona pa mnyamata wamkulu m'nyumba ya atsikana, ndipo palibe amene anamuitana. Anazidziwa zonsezo, komabe phazi lake linasuntha m'matope muja.

"Mukukwera kapena mukuwerenga matayala?" anafunsa kondakitala.

"Ndangoperekeza," anatero Hafu.

Bambo wina wa chipewa anabwera akuthamanga, chikwama chili pamutu, n'kumukankha ndi phewa podutsa. Anadzigwetsa pakampando kaja akupuma wefuwefu, akuthokoza Mulungu kuti waipeza. Chitseko chinatsekedwa. Basi inabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kukhota, ndipo windo la Njuchi linapita mbali ina, moti Hafu sanaone ngati anabayibitsa.

Anaima pomwepo mpaka basi ina yopanda anthu inabwera kudzaima pamalo paja, kondakitala wake n'kumufunsa komwe akupita.